Nkhuni Sizisayinidwa

Kawale,
Lilongwe.
Lamlungu masana.

Mwana wanga Towera,

Kalata iyi uiwerenge lero, usanatseke sutikesi, osati mawa uli m'ndege. Ndikudziwa kuti n'zachilendo bambo kulembera kalata mwana amene ali m'chipinda china cha nyumba yomweyo. Koma iwe ukundidziwa. Ndikamalankhula ndimafupikitsa mawu, ndipo mawu ofupikitsidwawo amatuluka ngati chidzudzulo. Papepala ndimatha kuika chinthu chilichonse pamalo pake. Ntchito yosunga mafailo a boma ndinaiyamba iwe usanabadwe, ndipo njira ina yolongosolera nkhani sindinaiphunzire.

Ndiyambe ndi zimene zatha. Pasipoti, tikiti, khadi la katemera ndi kalata ya bungwe limene likukulipirira sukulu zili mu envulopu ya khaki, m'thumba la m'kati mwa chikwama chako chapamanja. Usaziike mu sutikesi, ngakhale wina akuuze kuti n'chimodzimodzi. Majuzi aja ndawaika pamwamba kuti usakavutike kufukula zovala ukafika kozizirako. Mphwawo wa Abambo Chimphamba adzatitenga pa pikapu yake m'mamawa kupita ku bwalo la ndege ku Lumbadzi. Pa zimenezi palibe chotsalira. Chandikhazika patebulo ndi china.

Dzulo, titamaliza mapemphero okutsanzika, anthu akumwa tiyi pakhonde, Abambo Chimphamba, oyandikana nafe aja ogulitsa zitsulo za njinga mumsika, anakufunsa funso.

"Tatiuza, mwana wa a Gondwe, ku Mangalandeko ukukaphunzira chiyani chimene kuno kulibe? Fomu 4 wakhoza kale. Kapena akukakuyambitsanso Fomu 1?"

Unayankha bwino. Unalongosola kuti ndi dipuloma ya zaka ziwiri yokonzekeretsa munthu kulowa yunivesite. Kuti wophunzira amatenga maphunziro asanu ndi limodzi, ndipo saloledwa kubisala m'sayansi mokha kapena m'zilankhulo mokha, koma amayenera kugwira mbali zonse. Ndi kuti amalemba chimangirizo chachitali pa nkhani imene wafufuza yekha. Mpaka pamenepo ndinkagwedeza mutu, ndipo ndinkadzimva kukula pampando. Kenako unatchula gawo lotsiriza: kuti mlungu uliwonse wophunzira amagwira ntchito yothandiza anthu okhala mozungulira sukuluyo, amachita masewera olimbitsa thupi, ndipo amaphunzira luso lina monga kuimba, kuumba kapena sewero.

"Ehe!" anatero a Chimphamba. "Ndiye akulipirira ndege kuti ukakolope kwa nkhalamba za azungu? Ukanangobwera kumsika, ine tsache ndikanakupatsa laulere."

Iwe unaseka n'kunena kuti, "Ayi ankolo, zimenezo n'zongosayinitsa. Umangoonekera kawiri, tichala n'kusayina, basi. Chachikulu ndi mabuku."

Anthu anaseka nawe. A Chimphamba sanaseke kwambiri. Anaika kapu pansi, nandiyang'ana ine, nati, "Uyu ndiye mwana wa a Gondwe weniweni." Ena anayesa kuti akukuyamikira. Ine ndinamva chimene ankatanthauza, chifukwa mawu amene unalankhulawo ndi anga. Sunawatole kumsika kapena kusukulu. Unawatola m'nyumba muno.

Choyamba ndikuuze za lamulo, popeza lamulo ndilo losavuta. Kabuku kamene sukuluyo inatumiza ndakawerenga kangapo, ndipo ndime yokhudza gawo limeneli ndailemba mzere kunsi ndi pensulo. Imanena mosabisa kuti wophunzira amene sanakwaniritse ntchito yothandiza anthu, masewera ndi luso sapatsidwa dipuloma, ngakhale akhoze maphunziro onse asanu ndi limodzi. Kuntchito kwathu failo imene ikusowa tsamba limodzi siidutsa pa desiki yanga, kaya masamba enawo alembedwa bwino chotani. Imabwerera kumene yachokera. Ukapita ndi maganizo a dzulo aja, ukhoza kubwerera kuno ndi mitu isanu ndi umodzi ya nzeru, wopanda pepala. Komanso mwina aphunzitsi akumeneko ndi otopa ngati ena amene ndikuwadziwa, ndipo akhoza kukusayiniradi. Chimenecho ndicho ndikuopa kwambiri. Usakasayinitse ntchito imene manja ako sanaigwire, Towera. Ndikuuze chifukwa chake, ndipo uleze mtima, pakuti nkhaniyi ndiyambira kutali.

Pamene ndinkachoka kwathu ku Rumphi kupita ku sekondale, agogo ako anandiuza kuti nthaka ya kwathu ndi yamiyala, choncho munda wanga ukhala buku. Malangizowo anali abwino, koma ine ndinawamva mopitirira. Pasukulu pathu Loweruka lililonse m'mawa linali la ntchito zamanja: kutchetcha udzu, kuumba njerwa za holo yatsopano, kuthirira dimba la kabichi. Mphunzitsi woyang'anira ataona kuti ndimalemba mwaukhondo, anandipatsa udindo wolemba maina a amene afika kuntchito. Ndinaugwira udindowo mpaka kumaliza sukulu. Anzanga ali m'matope mpaka m'mawondo, ine ndinkaima pamthunzi ndi bolodi m'manja, buku la Jogalafe nditalibisa kunsi kwa pepala. Chikwakwa sindinachigwirepo. Ndinkadzitcha wochenjera, ndipo mayeso ndinakhozadi bwino kuposa ambiri a iwo. Lero anzangawo akakumana mu tauni muno amaitanana maina amene anapatsana pa uvuni wa njerwa, n'kuseka mpaka kugwirana mapewa. Ine amandipatsa moni waulemu. Wina anandionetsa kwa mkazi wake pa ukwati, nati, "Awa ndi aja ankatilemba." Sananene mwachipongwe. Analibe china choti andikumbukire nacho.

Titakwatirana ndi amayi ako n'kudzakhala m'nyumba ino, khalidwe lomwelo ndinabwera nalo. Ukudziwa mmene zimakhalira kuno ku Kawale maliro akagwa. Anyamata amadula nthambi n'kuziyala pamsewu mbali zonse ziwiri kuti wodutsa adziwe, wa njinga atsike, wa galimoto achepetse liwiro. Amuna amamanga tenti, amanyamula mabenchi, amawaza nkhuni, ndipo amagona panja pa nyumba ya siwa. Amayi amatunga madzi, amaphika, amakhala ndi oferedwa m'nyumba. Palibe amene amatumizidwa kalata yomuitana. Masamba aja ndiwo kalata. Ine ndikaona masamba ndinkaika chipepeso mu envulopu, n'kulemba dzina langa pamwamba mwaukhondo, n'kupatsa amayi ako kuti akapereke. Ndinkati ine ndine wa boma, m'mawa ndiyenera kukhala pa desiki nditatsitsimuka, sindingagone pa benchi. Amayi ako ankalandira envulopuyo, n'kumanga chitenje chawo chobiriwira chija, n'kupita. Ankabwera mawa lake maso ali ofiira ndi utsi. Ndinkaganiza kuti tagawana ntchito mwachilungamo: iwo manja, ine envulopu.

Amayi ako atamwalira iwe unali mu Sitandade 8. Zambiri za masiku amenewo sunazione, chifukwa azakhali ako anakusunga m'chipinda pamodzi ndi amayi a mvano. Ndikuuze zimene zinachitika panja. Ndisanabwere n'komwe kuchokera kuchipatala, masamba anali atayalidwa kale pamsewu. Tenti inali itamangidwa. Nkhuni zinali mulu kuseri kwa bafa, ndipo sindinadziwe kumene zinachokera. Anthu anadzaza bwalo lino mpaka kukafika kumpopi. Mawa lake lole inaima pageti kuti tinyamule thupi kupita nalo kwathu, ndipo anthu a m'dera lino, amuna ndi akazi, anakwera kumbuyo kwa loleyo popanda wowapempha. Anadutsa nafe m'nkhalango ya Chikangawa, mphepo ikuwaomba, atafunda zitenje ndi mabulangete, akuimba nyimbo njira yonse. Ine ndinali kutsogolo ndi dalaivala.

Kwathu mwambo ndi wakuti, thupi likaikidwa, mwini maliro amaimirira n'kuonetsa alendo amene aperekeza, aliyense ndi dzina lake, kuti mudzi uwathokoze. Abambo anga aakulu, amene ankayendetsa mwambowo, analoza anthu a ku Kawale aja atakhala pamphasa, nkhope zili mbuu ndi fumbi, nandifunsa m'chinenero chathu kuti, "Mbanjani awa?" ndiko kuti, awa ndani. Ndinaimirira. Ndinayang'ana nkhopezo imodziimodzi. Zonse ndinkazidziwa, pakuti ndinkazidutsa tsiku lililonse popita kokwerera basi. Maina ndinali nawo awiri okha. Ine amene ukandidzutsa kutulo ndingakuuze shelefu imene pali failo ya munthu amene anapuma ntchito kalekale, ndinaima pamaso pa abale anga n'kunena kuti, "Awa ndi anzathu a ku Kawale." Ndinathera pomwepo. Mudzi unadikira kuti ndipitirize.

A Chimphamba ndiwo anaimirira. Anavula chipewa, napempha chilolezo kwa akuluakulu, n'kuyamba kutchula. Awa ndi Amayi Phiri a pafupi ndi mpopi, ndiwo anasambitsa thupi. Awa ndi Che Bwanali, telala, Msilamu, ndiwo anakapempha lole kwa mlamu wawo. Uyu ndi Yohane, ndiye anadula masamba. Anapitiriza mpaka womaliza, ndipo pa dzina lililonse mudzi unkaomba m'manja. Pobwerera, titaima pa Jenda kuti anthu agule mbatata, ndinapita kukawathokoza a Chimphamba. Anandiyankha akusenda mbatata yawo, osandiyang'ana.

"A Gondwe, musavutike. Ife sitinabwerere inu, tinabwerera mayi aja. Inu timakudziwani kumsana kokha, mukamathamangira basi."

Sanakwiye, ndipo sanafune kundichititsa manyazi. Ananena monga munthu amanenera mtengo wa tcheni ya njinga. Ndinazindikira pamenepo kuti zaka zonsezo dzina langa linkafika pa maliro a anthu, koma ine sindinafikepo. Ntchito ankagwira amayi ako, ine ndinkangosayina.

Patapita milungu ingapo masamba anayalidwanso, ulendo uno pa Amayi Phiri, amene anataya amayi awo okalamba. Ndinatsimikiza mtima kuti ndipita ndekha. Koma taona mmene munthu wosazolowera amalakwitsira ngakhale pamene akufuna kukonza. Ndinavala suti ndi tayi. Ndinatenga kope latsopano, rula ndi zolembera ziwiri. Ndinakafika kwa a Chimphamba n'kuwauza kuti ndabwera kudzathandiza, ndipo popeza kulemba ndiyo ntchito yanga, ndikhala patebulo kulemba maina a opereka chipepeso. Ndinali nditajambula kale mizere m'kopemo.

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi. "Cholembera chili kale ndi mwini wake," anatero. "Chimene chikusowa mwini ndi ichi." Anandipatsa nkhwangwa, nandilozera chipika cha bulugamu kuseri kwa nyumba.

Ndinayesa kufotokoza kuti munthu amathandiza bwino ndi chimene amachidziwa.

"A Gondwe, nkhuni sizisayinidwa. Vulani jekete."

Ndinavula. Nkhwangwa yoyamba inalumpha pachipika n'kukagwera pafupi ndi phazi langa. Yachiwiri inakanirira, ndipo ndinalimbana nayo mpaka tayi inalowa m'kamwa. Anyamata amene ankamanga tenti anasiya ntchito kuti aonerere. Yohane uja anafuula, "Pepani bwana, chipikacho sichinamve, tachilembereni memo!" Amayi a kumoto anaseka mobisa m'zitenje, pamaliro pomwepo. Che Bwanali ndiwo anabwera, nandiimika bwino miyendo, nandionetsa kuti nkhuni umaitsata mng'alu wake, sulimbana ndi mfundo. Pofika madzulo manja anga anali matuza okhaokha, ndipo Lolemba ndinalephera kumanga chingwe cha failo. Koma usiku umenewo ndinagona pa benchi pakati pa Yohane ndi Che Bwanali, ndipo m'mawa wina anandipatsa tiyi osanditchula kuti bwana.

Masamba atayalidwanso ndinapitanso, ndipo mpaka lero ndimapita. Ndinaphunzira kumanga tenti kuti madzi a mvula asadikhe pakati. Ndinaphunzira kuti mabenchi a kutchalitchi amabwezedwa Loweruka, asanafunidwe, ndi kuti ndiwo za Che Bwanali ndi anzawo zimaphikidwa mumphika wawowawo. Maina a anthu sindinakhale pansi kuwaloweza monga ndinkalowezera mitsinje ya m'buku la Jogalafe. Anabwera okha, pamodzi ndi nkhuni. Munthu amene wagwira naye mbali ina ya benchi sumuiwala dzina.

Tsono pamene ndinalakwitsa kwambiri ndi apa, ndipo pakukhudza iwe. Phunzirolo ndinalitenga ngati mankhwala anga ndekha. Ine ndinkatuluka ndi nkhwangwa, iwe n'kukutsekera m'chipinda ndi nyali ndi mabuku. Azakhali ako atabwera kudzakhala nafe ndinawauza kuti mwanayu asagwire tsache, asayatse mbaula, asapite kumpopi, ntchito yake ndi imodzi. Mpira wamanja ndinakusiyitsa chifukwa unkabwera mochedwa Lachitatu. Kwaya ndinati idikire. Ukukumbukira tchuthi chija Chikondi, mwana wa Amayi Phiri, mnzako wa kuubwana, anagonekedwa m'chipatala? Amayi Chimphamba ankapita ndi phala m'mawa uliwonse, ndipo iwe unabwera pa tebulo lino n'kundipempha kuti uziwaperekeza. Ndinayang'ana kalendala, ndinaona kuti mayeso a Fomu 2 ayandikira, ndinati, "Kuchipatala kuli madokotala. Iwe uli ndi mayeso." Unabwerera kuchipinda. Chikondi anachira, koma sindinamuonenso pakhomo pano, ndipo dzulo pa mapemphero sanabwere. Iwenso kuyambira tsiku limenelo sunandipemphenso chinthu chotere. Ndinayesa kuti wakhwima. Dzulo ndi pamene ndamva chimene unaphunzira.

Sindikunena kuti mabuku ndi achabe. Ndikanakhala wabodza, pakuti mabukuwo ndiwo akukukweza ndege mawa, ndipo ndiwo anatimangira nyumba ino. Masamu usakawathawe chifukwa chakuti ndi amene amakuvuta. Sukuluyo inachita dala kukukaniza kuthawa. Chifalansa ukachilankhule mokweza ngakhale akuseke, chifukwa chilankhulo sichiphunziridwa m'mimba. Chimangirizo chachitali chija ukachiyambe chaka choyamba, ndipo buku lililonse limene watengamo mfundo uzilemba dzina lake tsiku lomwelo, osati pamapeto, pamene udzakhala utaiwala. Mapepala a phunziro lililonse akhale m'failo yakeyake. Zimenezi sindikukayika kuti ukachita, popeza unakulira m'nyumba ya failo. Chimene ndikukayika ndi chimene sindinakuphunzitse. Anthu amene anakonza dipulomayi anaika pa ndandanda ya sukulu chinthu chimene ine ndinachiphunzira ndili ndi imvi, kuseri kwa nyumba ya siwa. Iwe akukupatsa uli mtsikana, ndi mphunzitsi wokuyang'anira. Usakachitaye chifukwa cha mawu a bambo ako akale.

Kabuku kaja kakuti ophunzira ena amachezera okalamba amene amasungidwa m'nyumba zapadera, ena amathandiza ana amene akuvutika kuwerenga, ena amalima dimba la sukulu. Ndikukudziwa: ukasankha ana owerenga, chifukwa kumeneko ukakhala ndi buku m'manja ndipo ukakhala wodziwa. Limenelo ndilo kope langa la mizere lija. Sindikukuletsa, koma pambali pake ukatengenso ntchito imodzi imene suidziwa konse, imene ukayambe uli wotsalira pa onse. Ukafika pamalo pantchito usakayambe ndi kunena zimene umatha. Ukafunse chimene chikusowa mwini, ndipo chimene akupatsa ukachilandire, kaya ndi chikolopa. Akakuseka, aleke aseke. Kuseka kumeneko ndiko khomo lolowera. Ukapite mlungu wotsatira, ndi wotsatirawo, makamaka mlungu umene kukuzizira ndipo mayeso ayandikira, pakuti nkhalamba imene unaiuza kuti ubwera Lachinayi imakhala itayang'ana kuchitseko Lachinayi. Za mwambo wawo wosunga makolo kutali ndi ana, ukaone ndi maso, pakamwa ukatseke. Sunapite kukaweruza mudzi wa eni.

Pa zamasewera ndilibe malangizo ambiri. Akuti kuli dziwe losambiramo, ndipo iwe sudziwa kusambira chifukwa ndinakuletsa kuyandikira mtsinje wa Lilongwe. Ukaphunzire, mphunzitsi ali pomwepo. Azakhali ako akudandaula kuti ukavala mabuluku. Ndawauza kuti lamulo la boma lija loletsa akazi kuvala mabuluku linatha, ndipo munthu sangathamange atamanga chitenje. Pa za luso, kwaya imene ndinati idikire yadikira mokwanira. Amayi ako ankaimba alito, ndipo pamene unali wamng'ono ndinkakumva ukuwatsatira pochapa. Tchalitchi ukachifunefune mlungu woyamba, usanazolowere kugona Lamlungu.

Ukamandilembera, ndipo uzilemba mwezi uliwonse, malikisi uziwaika kumapeto. Ndidzawawerenga, usakayike, ndipo ndidzawasunga m'failo imene ndatsegula kale. Koma kalata iziyamba ndi dzina la munthu mmodzi amene wamugwirira ntchito mwezi umenewo, ndi chimene manja ako anachita. Osati "okalamba", osati "ana". Dzina. Tsiku lina wina adzakulozera anthu amene anakunyamula m'dziko la eni n'kukufunsa kuti awa ndani, ndipo sindifuna kuti udzaime monga ndinaimira ine. Ndibwerezenso, popeza kubwereza ndiko ntchito ya kholo: usakasayinitse ntchito imene manja ako sanaigwire, ngakhale mphunzitsi atakutambasulira yekha pepalalo.

Tsopano za lero. Pochokera kutchalitchi unaona masamba pamsewu wa kuseri. Amwalira ndi Abambo Kamanga, mlonda wopuma ntchito uja amene ankakupatsa magwafa pa mpanda uli wamng'ono. Ndinali nditakonza kuti madzulo ano tikhale patebulo, tionenso mapepala ako limodzilimodzi. Mapepalawo ali bwino, ndawaona mokwanira. Ine ndikupita kumaliro, ndipo ndikagona komweko. Ndidzabwera m'bandakucha kudzasamba pikapu isanafike.

Madzi sakutuluka m'mipopi ya mbali imeneyo kuyambira dzulo, choncho amayi akukatunga kumpopi wa kumsika. Amayi Chimphamba akusonkhanitsa atsikana dzuwa likapendeka, ndipo Chikondi adzakhala pomwepo, pakuti iye salephera. Ndowa ili pakhonde. Chitenje chobiriwira cha amayi ako ndachitulutsa m'bokosi, ndachiika pampando wa pafupi ndi chitseko chako. Nkhata sudziwa kupinda. Ukapemphe wina akupindire. Theka la madziwo ukalitaya panjira, bulauzi ikanyowa, ndipo akakufunsa ngati ku Mangalande ndowa zimayenda zokha. Ukayankhe mwaulemu, ukabwererenso kumpopi. Amene ukayende nawo ukawafunse maina.

Sindikukulamula. Ndakulamula zaka zambiri, ndipo zina mwa zimene ndinalamula ndi zimene ndikuyesa kumasula m'kalata ino. Ukasankha kutsala kuti upumule ulendo usanayambe, sindidzafunsa, ndipo mawa ndidzakuperekeza chimodzimodzi. Koma ukabwera, undipeza kuseri kwa nyumba ya a Kamanga, pamene pali nkhuni. Azakhali ako apita kale. Ukamatuluka ukhome chitseko, kiyi uike pansi pa mtondo.

Mulungu wa amayi ako akuyendetse.

Ndine bambo ako,
R. K. Gondwe